Nkhuku Yobwezedwa

Theka la sileti ndikadali nalo. Limakhala pansi pa bokosi, pamodzi ndi zinthu zina zimene zilibe msika. Ine pa moyo wanga ndagulitsa zambiri: mchere, zitenje, machubu a njinga, ngakhale wailesi yosalankhula imene ndinamuuza wogula kuti ndi yamanyazi, ikazolowera pakhomo idzayamba. Koma theka la sileti limeneli palibe anandifunsapo mtengo wake, ndipo ndimathokoza, chifukwa pakamwa pangapa, pamene sipanasowepo yankho, pakanauma.

Pa thabwa lake la m'mphepete pali kadontho kakuda, kozungulira ngati nsonga ya chala. Ndi utomoni wa fodya. Chalacho sichinali changa.

Siletiyo ndinaipeza ku sitolo ya pamphambano ya msewu wa ku Chulu, kwa bambo wina wachisilamu wovala kofia yoyera, amene ankagulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka makasu. Inatsika pa lole itasweka kale pakati, ndipo mwini sitolo anangoitsamiritsa pakhonde. Ine ndinaiona. Sindinaipemphe ayi, paja wopempha amagula modula. Ndinayamba kuilira maliro: tsoka lake sileti yabwino chonchi, ndani angaigule, ingowathera malo. Ndinkabwera tsiku ndi tsiku, kusesa khonde popanda wondituma, mpaka bamboyo anatopa nane. Anandipatsa zidutswa zonse ziwiri nati, "Iwe mwana, ukadzakula udzagulitsa mvula." Amayi atamva anati mawu amenewo si mdalitso. Ine ndinawalandira ngati mdalitso.

Sukulu yathu inali tchalitchi lomwe lija la udzu. Lamulungu tinkapempheramo, masiku enawa tinkakwapulidwiramo. Belu linali khasu lakutha lopachika pa mtengo wa msuku. Tonse tinkakhala pansi, pa dothi lozira, kupatula ana anayi amene ankakhala pa benchi, poti benchi inalipo imodzi yokha. Lachisanu lililonse aphunzitsi ankatiyesa kuwerenga, masamu ndi Chingerezi, ndipo Lolemba aliyense ankakhala monga mwa kukhoza kwake: anayi oyamba pa benchi, otsatira pansi chakutsogolo, kumangotsetsereka choncho mpaka kukhomo. Mlendo akangosuzumira ankadziwa mutu wa mwana aliyense popanda kufunsa. Lero ndimaona kuti inali nkhanza ndithu. Nthawi imeneyo sitinkaiona, monga munthu sadandaula kuti dzuwa limatulukira kummawa.

Tinali anthu a mitundumitundu m'kalasi ya Sitandade 3 ija. Ambiri tinali ana a eni mudzi, amene michombo yathu inakwiriridwa momwemo. Kukhomo kunkakhala anyamata amene anachedwa ku ubusa wa ng'ombe, ndevu zitayamba kale kumera, anthu oti akamayimba nyimbo udzu wa padenga unkanjenjemera koma akaona chilembo ankatuluka thukuta. Atsikana ankayamba ambiri m'kalasi yoyamba, koma pofika kwathuko anali atatha mmodzimmodzi ngati mango a nthambi za m'munsi: uyu wavinidwa, uyu amufunsira, uyu akulera mng'ono wake. Panali mwana wa mwini sitolo uja, Msilamu yekhayo, amene bambo ake anamulola kubwera bola asamayimbe nawo nyimbo za tchalitchi. Nthawi ya pemphero ankatuluka kukaima pansi pa msuku, nthawi ya masamu n'kubwerera kudzatigonjetsa. Ndiye panali ana a matenanti, ochokera ku esiteti ya mzungu kutsidya kwa dambo. Amenewo ankabwera ndi mvula n'kupita ndi fodya. Aphunzitsi sankavutika n'kuloweza mayina awo. Ankati ana a matenanti ndi bowa.

Ine ndinali wachinayi pa benchi, kumapeto kwenikweni, thako limodzi pa thabwa lina m'malere. Kuwerenga ndinkatha, pakamwa ndiye osanena. Chimene chinkandigwetsa ndi masamu ogawa, aatali aja otsika ngati makwerero. Mundipatse mtedza weniweni ndi anthu enieni, ndigawa bwinobwino, wanga n'kutsalako wambiri. Koma pa sileti manambala ankandizemba.

Mwini chala chija anali mtsikana amene anabwera mvula itangoyamba, nazale za fodya zitabiriwira m'dambo. Anali mwana wa tenanti, kwawo kumpoto, cha ku Mzimba. Dzina lake ndilisunga. Ndi katundu yekhayo amene sindinamuikepo pa msika. Ankalankhula Chichewa chopindika, chokwera kumapeto ngati akufunsa, ndipo tinkamuseka chifukwa cha "yayi" wake. Tsiku loyamba anakhala kukhomo pakati pa andevu. Analibe sileti. Ankalemba ndi kamtengo pa dothi, aphunzitsi n'kumawerama kuti aone. Lolemba lotsatira anali pakati pa kalasi. Linalo anali kumbuyo kwanga, ndikumva mpweya wake pakhosi. Posakhalitsa anali pa benchi, kumutu kwake, mwana wa sitolo atamusendera. Aphunzitsi anamufunsanso dzina, ndipo ulendo uno analisunga.

Benchi sikula. Kuti iye akwere panafunika wina atsike, ndipo wotsikayo ndinali ine. Ndinakhala woyamba mwa anthu a pansi, udindo umene ndaupitiriza mokhulupirika mpaka lero.

Anzanga ankati timudikire kudambo timuopseze. Ine ndewu sindinaikondepo, ilibe phindu. Ndinapita kwa iye ndi malonda. Ndinamuonetsa theka lina la sileti, ndinalipukuta ndi malovu kuti liwale, n'kumuuza kuti likhala lake akamandionetsa mayankho Lachisanu. Anati yayi. Ndinawonjezera kapensulo kolembera. Anati yayi. Ndinachita zimene ndinaphunzira pakhonde la sitolo, kutembenuka n'kumapita pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Sanandiitane. Ndinafika mpaka pachulu, n'kubwerera ndekha ngati galu woiwala fupa. Pamenepo ndiye anatchula mtengo wake: sileti atenga, mayankho sapereka, koma njira andionetsa.

Ndiye tikaweruka tinkakhala pa chitsa cha m'mbali mwa njira ya kudambo, aliyense ndi theka lake pabondo. Sankaphunzitsa ngati aphunzitsi. Ankati ndiiwale manambala, ndiganize masamba a fodya ndi mikangala, timitengo tija topachikapo fodya m'chigafa. Masamba ndi awa, mikangala ndi iyi, uliwonse ulandira angati, otsala ndi angati, otsalawo usawataye, atsitse pansi akumane ndi anzawo. Ndikalakwa ankandilanda sileti, n'kufufuta ndi chigongono. Kadontho kaja kanabwera choncho, chala chake cha utomoni chitagwira thabwa pondilanda. Ndimakumbuka fungo la dothi lonyowa, achule akulira masana, ndi nyerere zimene zinkakwera miyendo yathu ife osazimva.

Fodya atakhwima kalasi inayamba kuphwa. Ana a eni mudzi ankatsalira kuminda ya makolo awo, ana a matenanti ndiye anatheratu. Dziko lonse linkanunkha utsi wa m'zigafa, fungo lowawa lokhala pakhosi, ndipo aphunzitsi ankaima pakhomo kuyang'ana njira yopanda anthu n'kumati fodya wawalanda ana. Koma iye ankabwerabe. Ankafika mochedwa, akuthamanga, atasoka fodya kuyambira mbandakucha, zala zili bii ndi utomoni wosachoka ndi madzi. Nthawi zina ankasinza ali khale pa benchi. Lachisanu likafika, kumutu kwa benchi kunali kwake ndithu.

Sileti yake ankainyamula m'kathumba ka chiguduli kosokedwa bwino, ka chingwe chokolekera paphewa. Anandiuza kuti anamusokera ndi adada ake, ndiye kuti bambo ake, ndiponso kuti ndi iwowo amene ankamuthamangitsa m'chigafa belu likamveka, ngakhale ntchito itachuluka. Ndinamva, koma sindinasunge. Bambo wa munthu sichinali chinthu chimene ine ndinkachiwerengera. Kwathu abambo anali akamwini, anthu obwera. Ankamanga nyumba pamudzi pa akazi awo, kulima munda wa apongozi, zikavuta n'kupinda mphasa. Anga anapita ku Halale ine ndili kumsana, ndipo palibe chimene chinaima pamudzi chifukwa cha kuchoka kwawo. Mwana anali wa amayi ake, ndipo mwini mawu pa iye anali amalume.

Mvula itatha aphunzitsi analengeza kuti nyengo ya chisanu kudzakhala mayeso ku mishoni, ndipo okhoza adzalowa sukulu yaikulu ya malata, yogonera konko, imene inali ndi nyumba ya atsikana yomwe. Anati iwo sangapite ndi khamu kukachita manyazi. Adzatenga a pa benchi basi. Tsiku limenelo pa chitsa paja mnzangayo sanatulutse sileti. Anati iye chisanu sichidzamupeza kuno. Fodya akangokwera pa sikelo, lole idzawatenga kubwerera kwawo, ndipo chaka chamawa kaya adzakhala ku esiteti iti, kaya kudzakhala sukulu.

Samu imeneyo ndinaipeza msanga kuposa ina iliyonse: anayi kuchotsapo mmodzi, malo anga abwerera. Wamalonda weniweni akanangoti pepa, n'kumadikira lole. Ine mpaka lero sindidziwa chinandigwira. Nkhaniyo inandilowa ngati munga wa kuphazi, ndipo pofika kunyumba ndinali nditaganiza kale zoti mtsikanayo atsale kwathu mpaka mayeso.

Kwa amayi ndinafika ndi pakamwa ponse. Ndinati adzatunga madzi, adzasinja, sadya zambiri, ndamuona ine. Amayi anandidula, nati munthu sayamikiridwa ngati mbuzi ya pamsika. Koma sanakane. Amayi anabereka amuna okhaokha, ndipo wotsala ndinali ine. Kwathu mkazi wopanda mwana wamkazi ndi mtengo wopanda mphukira, mbumba imathera pa iye. Mtsikanayo anali atafikapo kwathu kamodzi kudzabisala mvula, ndipo ndinaona mmene amayi anamuyang'anira akudya mbatata, ndi mmene anamuchotsera kaudzu m'tsitsi kamene ine sindinakaone. Madzulo a tsiku limene ndinawapemphalo ndinawapeza akuzira kachipinda kosungiramo mtedza. Anangoti nkhani yotere si yawo, ndi ya amalume.

Amalume anali mwini mbumba yathu, mwini njinga ndi jekete, munthu wokonda kufunsidwa nzeru. Anamvetsera maso ali otseka, kenako anafunsa funso limodzi lokha: kodi mwanayo ali ndi malume? Ndinati ali nawo, ndipo ali pa esiteti pomwepo, amasonkhezera moto m'zigafa, iye amawatchula kuti asibweni. Amalume anatsegula maso nati basi, nkhani yatha, anthu akuluakulu akakumana sipakhala chovuta.

Nditamuuza mnzangayo, nkhope yake inawala kenako inazima. Anafunsa kuti, "Adada mwawauza?" Ine ndinamuyankha ngati loya, kuti asadandaule, nkhani za ana zimatha ndi amalume, abambo amangomva pambuyo. Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira ndikataya otsala pa samu. Koma ulendo uno sanandilande sileti. Mwina anaganiza kuti anthu a kuno akudziwa zimene akuchita.

Tinapita Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, amalume patsogolo ndi jekete akukankha njinga, ine pambuyo nditakumbatira nkhuku ya mawanga imene amayi anasankha okha, miyendo yake yomanga ndi luzi. Nyumba za matenanti zinali mumzere umodzi, za udzu zokhazokha, anthu ali panja poti linali tsiku lopuma. Pakhomo loyamba panakhala bambo wamtali, wowonda, akusoka thumba ndi singano yaikulu. Anali bambo ake a mnzanga uja. Atationa ndi nkhuku anaika thumba pansi, naimirira, n'kuuza mkazi wake kuti atulutse mpando. Amalume anavula chipewa, anawapatsa moni waulemu wonse, kufunsa za fodya ndi za thupi. Kenako anavala chipewa chija, ndipo tinapitirira kukhomo lotsatira.

Ndikatseka maso ndimauonabe mpando umenewo, uli m'manja mwa mayi uja, wasowa poutsitsa.

Asibweni aja anali munthu wamfupi, wa maso ofiira ndi utsi. Anatilandira modabwa. Amalume anayala nkhani mwaluso, ndi miyambi yomwe, ndipo munthuyo ankangoponya maso kukhomo la mlamu wake. Nkhuku analandira, poti mphatso sabweza pamaso pa mlendo. Anati wamva, ndipo wathokoza. Ife tinatenga "ndamva" ameneyo ngati inde. Pobwerera amalume anandikweza pa njinga, chinthu chimene sichinkachitika, ndipo njira yonse ankandiphunzitsa kuti nkhani imafuna kudziwa khomo lolowera.

Mawa lake mtsikanayo sanabwere kusukulu. Madzulo, amayi akusenda mtedza pabwalo, tinaona bambo wamtali uja akutuluka m'njira ya kudambo, nkhuku ya mawanga ili m'khwapa, luzi lake lomwe lija. Amayi anayala mphasa. Bamboyo sanakhale. Anawerama n'kuika nkhukuyo pansi mosamala, ngati mwana wogona. Sanakweze mawu. Anayamba m'chinenero chake, "Mwana uyu wali na wiske." Kenako anabwereza m'chathu kuti pasakhale wonena kuti sanamve: "Mwanayu ali ndi bambo wake. Munandidutsa pakhomo."

Anatembenuka napita. Amalume atamva anati akamwini a masiku ano ndi amwano, munthu wobwera angayankhe bwanji nkhani imene eni ake amaliza. Aphunzitsi anayesa kupita kwa bamboyo okha, atavala tayi. Anabwerako msanga, ndipo ine nditawafunsa anangoti tinachedwa, ngakhale kuti ife ndiye tinafulumira. Amayi anabweza mtedza m'kachipinda kaja.

Lole inadutsa pamsewu wa kusukulu tsiku lina chakummawa, tili pakati pa masamu. Mphepo ya chisanu inali itayamba, udzu utauma, fumbi lili kobo. Tonse tinathamangira kukhomo ndipo aphunzitsi sanatiletse. Matenanti anali pamwamba pa akatundu awo, mphasa, miphika, nkhuku m'zitete. Mtsikanayo anakhala chakumbuyo, nsalu itafunda kumutu, kathumba ka chiguduli kali pamiyendo atakagwira ndi manja onse awiri. Sanakweze dzanja. Nanenso sindinakweze. Tinangoyang'anana mpaka fumbi linatseka.

Lolemba ndinabwerera pa benchi. Mwana wa sitolo anasendera kumutu, ena n'kutsatira, ine kumapeto kwanga kuja. Ku mishoni samu yogawa inabweradi, yaitali, ndipo ndinaipachika pa mikangala tsamba ndi tsamba, otsala n'kuwatsitsa kuti akumane ndi anzawo. Ndinakhoza. Sukulu ya malata ndinailowa, koma sitinakhalitsane. Anandipeza ndikugulitsa zitumbuwa m'nyumba yogona, ndipo ine ndi maphunziro tinasiyana mwamtendere. Malo amene anthu awiri ankawafuna anathera kwa amene sankadziwa chochita nawo. Ndikamva anthu lero akukangana kuti ana a uku ndi anzeru, ana a uko ndi mbuli, ndimakumbuka benchi ija. Inkaonetsa bwino amene wakhoza Lachisanu. Amene watengedwa ndi lole sinkamuonetsa.

Zinanditengera zaka kuti ndimve zimene bambo uja ananena. Ndinali nditayamba kuyenda ndi mchere kumpoto, ndipo tsiku lina ndinapatukira ng'ombe zimene anthu ankapita nazo kwa makolo a mkwatibwi. Ndinafunsa, anandifotokozera, akundiseka. Kumeneko mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ana ndi a bambo, ndipo malume ndi mlendo wolemekezeka chabe, woti akabwera amamuphera nkhuku koma samufunsa za mwana. Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, thumba la mchere lili pambali. Munthu amene ankasoka kathumba, amene ankathamangitsa mwana wake m'chigafa kuti asachedwe belu, amene anaimirira n'kuitanitsa mpando, ife tinamupatsa moni n'kumudutsa, anthu a mzere wonse akuona. Tikanakhala pa mpando uja, kaya. Sindinena kuti akanalola. Ndingoti anali ataimirira.

M'misika ya kumeneko, mpaka miyendo itayamba kukana maulendo, ndinkati ndikapeza mayi wa msinkhu wanga wothamanga m'mutu, woti ukamuzunguza ndi pakamwa amangoti yayi osakuitana ukamachoka, ndinkamuyang'ana zala. Ngati kuti utomoni ungakhale zaka zonsezo.

Nkhuku ya mawanga ija amayi anakana kuipha. Khirisimasi inadutsa, alendo anabwera ndi kupita, amalume anaipempha kangapo, iwo ayi. Inaikira, inaswa, anapiye ake anadzaza bwalo. Masiku oyamba aja ine ndinkakhala pakhonde kuiyang'ana ikupalasa, ndikuiyeza ndi maso. Ndinaona kuti inali yowonda pachifuwa. Ndinaona kuti tambala wofiira akanaoneka bwino. Tsiku lina ndinawauza amayi zimene ndinapeza, kuti tinalakwitsa poyambira pansi kwambiri, tikanapita ndi mbuzi ya amalume. Amayi anasiya kupeta, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anapitiriza.

Ine ndinkadziwa chinthu chimodzi, chimene ndinachiphunzira pakhonde la sitolo: munthu akabweza katundu n'kutembenuka, ndiye kuti akufuna uwonjezere. Chisanu chonse chija, ngakhale lole inali itawatenga kale, ndikaweruka, ndinkakhala pa chitsa cha m'njira ya kudambo, theka la sileti lili pabondo, kudikira kuti bambo wamtali uja abwerere adzatchule mtengo wake.